Kunyamula ekisikaveta pa lowbed ndi kuisunga mpaka mvula ithe

Dalaivala wa ku Chirimba: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mawa ndikatenge ekisikaveta ya CAT 320 ku Lunzu, ibwere ku yadi ku Makata. Yangotuluka kumene m'matope, ndipo abwana akuti ikhala chiimire mpaka Epulo. Lowbed yathu, ngolo yotsika yonyamulira makina olemera, pansi ndi chitsulo chokhachokha, ndikuopa iterereka pokwera.

Sajeni wopuma, Ndirande: Mphwanga, makina oyenda pa tcheni kanyamulidwe kake n'kofanana ndi ka akasinja. Ku DRC ndinkaona akukweza kasinja wa T-55, chinthu cha matani 36, pomwe yanuyo yangopitirira 20 pang'ono. Asanachite chilichonse ankayamba atsuka. Matope akatsalira m'matcheni, chitsulo pa chitsulo chinzake chimaterera ngati therere, ndiye yalani matabwa okhuthala kapena matayala akutha pokwerera ndi pamwamba pomwe. Wolondolera akhale mmodzi, aime poti opareta akumuona, enanu pakamwa tseke. Matcheni omangira anayi, opingasa, awiri kutsogolo awiri kumbuyo. Baketi igone pansi, imangidwe payokha. Mukafika pa Kameza imani mukungenso matcheni omangirawo, amakhwefuka msanga mukangoyamba ulendo.

Mayi wa mu ofesi: Achimwene, pepala la abnormal load, chilolezo chonyamulira katundu wopitirira muyezo, lilipo? Makinawo ndi otambalala kuposa ngolo. Muyezenso kutalika mukakweza, mawaya ena amagetsi analendewera.

Dalaivala wa ku Chirimba: Pepala lilipo, mayi. Nanga zoisunga? Ine ndimati tikhuthule dizilo yense, alonda masiku ano mukuwadziwa.

Makaniko wa ku Limbe: Iyayi, musatero! Thanki yopanda kanthu imachita thukuta mkati nyengo ya chinyezi ino, madziwo n'kukathera mu mainjekita opopera dizilo mu injini. Dzazani mpaka kukamwa, ikani loko, lembani m'buku mlonda akuona. Iime pa konkire kapena pa matabwa, osati pa dothi, apo ayi matcheni agwirana ndi dzimbiri. Ndodo zonyezimira za masilinda zibwezeni mkati, zotsalira panja zipakeni girisi. Chotsani waya wa negetivu pa batire. Pa ekizozi vindikirani chitini.

Sajeni wopuma, Ndirande: Ndipo isamangogona. Pakatha milungu iwiri iliyonse ilizeni mpaka injini itenthe bwinobwino, iyende pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Kungoiliza kamphindi n'kuzimitsa n'kungoononga batire. Muzisuzumiranso makoswe, amakonda kudya mawaya m'kabini.

Dalaivala wa ku Chirimba: Zamveka, madala. Matayala akutha ali mbwee kuseri kwa galaja. Ndinyamuka m'mamawa ndi wa pampu yotsukira, tikweze dzuwa litaumitsa matcheni.