Chithandizeni kumvetsa za chotupa cha khansa ya m'mawere chikasowa mpweya

Anzanga a zaumoyo, ndikukonzekera mayeso ndipo apa pandikola. Chotupa chikakula msanga, mitsempha ya magazi imalephera kufikitsa okosijeni pakati pake. Zikatero puloteni ya HIF-1 imachuluka, maselo n'kuyamba kudya shuga wambiri ndi kutulutsa lactate (asidi wotsalira shuga akaphwanyidwa), komanso amatulutsa puloteni ya VEGF yoitanira mitsempha yatsopano. Zimenezi ndazimva.

Chondizunguza n'chakuti Otto Warburg, wasayansi wa ku Germany, anaonetsa kalekale kuti maselo a khansa amadya shuga wambiri ndi kutulutsa lactate ngakhale okosijeni alipo. Nanga kusowa kwa okosijeni kumawonjezera chiyani kwenikweni? Ndipo bwanji maselo osowa okosijeniwo, amene amagawikana pang'onopang'ono, ndi amene amakanika ku radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi cheza champhamvu) n'kumafalikira kwina? Amene munaphunzira za zotupa, ndimasulireniko m'mawu osavuta chonde.