Madzi a pampopi akutuluka ofiirira, ndithandizeni nzeru

Abale anga a kuno ku Mulanje, makamaka a ku Chitakale, ndithandizeni maganizo. Ino ndi sabata yachiwiri madzi a pampopi pathu akutuluka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, makamaka m'mawa tikangotsegula kumene. Ndikatunga m'ndowa n'kuwasiya kanthawi, pansi pamadikha timchenga ndi tizidutswa tofiira tooneka ngati dzimbiri. Dzulo ndinachapa malaya oyera a yunifolomu a mwana, anatuluka ndi mawanga achikasu, mtima unandiwawa kwambiri.

Poyamba ndinkati ndi matope a mvula yomwe yakhala ikugwa kuphiri, paja mitsinje ikadzaza madzi amada. Koma aneba athu madzi awo ndi oyera bwinobwino. Nyumba yathuyi ndi yakalekale, mapaipi ake ndi achitsulo. Kodi vuto lingakhale pamenepo?

Panopa ndikumasefa ndi kansalu koyera kenako n'kuwiritsa, ena ndikuthira WaterGuard, koma ndili ndi khanda la miyezi 7 ndiye mtima suli m'malo. Alipo amene anachotsa mapaipi achitsulo n'kuika apulasitiki vuto n'kutheratu? Pulambala anakulipiritsani zingati? Kapena ndiyambe ndakafotokoza kuofesi ya zamadzi?