Kamakina koona khansa m'kati mwa thupi, kalipo kuno kwathu?

Moni nonse abale. Bambo anga kuno ku Bangula akuvutika kumeza. Nsima ikuwatsamwa, pano akungomwa phala lamadzimadzi, ndipo awonda zomvetsa chisoni. Kuchipatala chaching'ono anatipatsa mankhwala a zilonda za m'mimba, osasintha. Adokotala ena akuganizira khansa ya kummero, akuti tipite ku Blantyre akawaunike ndi endoscopy (kulowetsa chubu chokhala ndi kamera kummero) n'kudula kanyama kokapima. Chikundiopsa n'kudikira zotsatira.

Ndamva za confocal endomicroscopy, kamaikulosikopu kolowa limodzi ndi chubu chija, kamaunika ndi laser n'kuonetsa maselo pomwepo munthu ali pabedi. Alipo akudziwa ngati kamapezeka ku Queens kapena chipatala cholipira? Akakagwiritsa ntchito, kudula kanyama kumafunikabe? Nanga mtengo wake? Chonde tithandizeni.