Kodi kusamala kwambiri za chakudya chopatsa thanzi kungasanduke matenda?

Wophunzira wa chaka chachiwiri:
Ndikuphunzira za kadyedwe pa yunivesite, ndipo mnzanga wina wa m'kalasi akundidetsa nkhawa. Chiyambireni maphunzirowa, anasiya shuga, mafuta, mkaka ndi chilichonse chopangidwa kufakitale, ndipo sadyanso chakudya chimene sanaphike yekha. Tikapita kogula zinthu amaima nthawi yaitali akuwerenga zolembedwa papaketi, kenako n'kuibweza pashelefu. Akalawa chimene iye amati n'chosayenera, amadziimba mlandu tsiku lonse. Kodi limeneli ndi khama chabe, kapena akufunika thandizo?

Katswiri wa kadyedwe:
Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi orthorexia, vuto limene dokotala wa ku America, Steven Bratman, analitchula koyamba mu 1997. Wodwala anorexia amaopa kunenepa ndipo amachepetsa chakudya, pomwe wa orthorexia mtima wake wonse uli pa kuyera kwa chimene akudya. Buku la DSM-5, limene madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a maganizo, silinaliike vutoli ngati matenda apadera, choncho madokotala sanagwirizane muyezo umodzi wolizindikirira. Ine ndimayang'ana zimene malamulo a kadyedwewo akumulanda munthu. Ngati wasiya kudya ndi anzake, ngati zakudya zimene amazilola zikucheperachepera mwezi ndi mwezi, ngati akuonda, akutopa msanga kapena wasiya kusamba kumwezi, nkhaniyo yafika poopsa. Kusiya magulu athunthu a zakudya kumachititsa kuti thupi liperewere ayironi, kashiamu ndi vitamini B12, ngakhale kwa munthu amene amazidziwa bwino zinthuzi polemba mayeso.

Mphunzitsi wa pa yunivesite:
Tisafulumire kunena kuti maphunzirowo ndiwo gwero. Ena amasankha kosi imeneyi chifukwa anali kale ndi nkhawa pa chakudya. Kafukufuku wa ku Germany wa mu 2010 anapeza kuti ophunzira za kadyedwe amadziletsa pa chakudya kuposa anzawo a makosi ena, koma khalidwe la orthorexia linali lochepa mwa amene anapita patali ndi maphunziro. Zimenezi sizindidabwitsa, chifukwa m'zaka zoyambirira wophunzira amamva kuipa kwa mchere ndi mafuta asanamvetse kuti thanzi limadalira kadyedwe ka nthawi yaitali, osati mbale imodzi. Ndichenjezenso za mafunso oyezera orthorexia otchedwa ORTO-15, amene anapangidwa ku Italy mu 2005 ndipo ophunzira amakonda kudziyeza nawo: akatswiri ambiri anawadzudzula kuti amaika m'gulu la odwala anthu amene alibe vuto.

Mlangizi wa ophunzira:
Chonde musatsutsane naye pa nkhani ya michere ya m'zakudya, chifukwa pamenepo ali ndi yankho pa chilichonse ndipo adzangoumirira. Muuzeni muli awiri zimene mwaona, kuti akuoneka wofooka ndiponso kuti mukumusowa pa nthawi ya chakudya. Anthu ambiri amamuyamikira kuti ndi wodziletsa, ndipo n'chifukwa chake kuvomera kumamuvuta, makamaka poopa kuti aoneka wosayenera ntchito imene akuiphunzira. Mudzipereke kumuperekeza kwa mlangizi kapena dokotala, ndipo ngati akuchita chizungulire kapena kukomoka, musadikire kuti temu ithe.