Thandizeni pa nambala za ma 1 okhaokha, pulogalamu yanga ikukanika pa 23

Akuluakulu, ndili ndi funso la C, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, landizunguza mutu. Akupatsa nambala n, ndiye upeze nambala yaing'ono kwambiri yolembedwa ndi ma 1 okhaokha yomwe ingagawike ndi n popanda chotsala. Mwachitsanzo pa 3 yankho ndi 111, pa 7 ndi 111111.

Ine ndikungowonjezera 1 kumapeto nkumayesa ndi % (chizindikiro chopezera chotsala ukagawa) mpaka chotsala chikhale 0, zikuyenda bwinobwino mpaka ndafika pa 23, pamenepo pakufunika ma 1 okwana 22 pomwe long long, mtundu wosungira nambala zikuluzikulu mu C, imathera pa manambala 19 basi, ndiye ikungotulutsa zachabechabe.

Mnzanga akuti ndisiye kusunga nambala yonseyo, ndizingosunga chotsala chokha, r = (r*10 + 1) % n. Ndayesa zathekadi koma sindikumvetsa, kutaya nambala yonse nkutsala ndi chotsala kenako yankho nkukhalabe lolondola, zikutheka bwanji?

Chinanso, n ikakhala yogawika ndi 2 kapena 5 yankho kulibe ndipo lupu, gawo la pulogalamu lomwe limabwerezabwereza kuyesako, siima. Ndiidule ikazungulira ka n, kapena pali njira ina yabwinoko? Amene mumadziwa masamu mundifotokozereko pang'onopang'ono chonde.