Masensa anga akulankhulira pamodzi, ndiwagawire bwanji nthawi?

wa_kudimba:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi masensa 12 oyeza chinyezi cha dothi m'munda wa tomato wothirira, onse a CC2650 (kachipu kokhala ndi wayilesi). Akumapeto kwa munda safika pa gateway (kachipangizo kolandira mauthenga onse), ndiye uthenga wawo umadzera mwa anzawo. Mauthenga ambiri akusowera m'njira, ndipo atatu oyandikira gateway mabatire sakuchedwa kutha. Panopa sensa iliyonse imayamba yamvetsera, kukakhala zii n'kutumiza. Ndikufuna iliyonse ikhale ndi slot yakeyake, kutanthauza kanthawi kake kotumizira uthenga. Ndingowandandalika 1 mpaka 12 basi?

fundi_wa_mawaya:
Kumvetserako sikukuthandizani, achimwene. Masensa awiri otalikirana samvana, aliyense amayesa kuli zii, n'kutumiza nthawi imodzi kwa wapakati. Wapakatiyo amangolandira phokoso. Choncho awiri amene ali ndi mnansi mmodzi asagawane slot, ngakhale iwo eni sakumvana.

Mndandanda wanuwo uyambe ndi akutali, uthere kwa oyandikira gateway, kuti uthenga ufike m'chizungulire chimodzi cha ma slot onse. Mukayamba ndi apafupi, uthenga uzidikira chizungulire chathunthu paliponse pamene wadutsa. Komanso sensa yonyamulira anzake anayi siingakwanitse ndi slot imodzi, pokhapokha iziphatikiza zonse m'paketi imodzi. Paketi ya 802.15.4 (malamulo a wayilesi amene masensa anuwa amatsatira) imafika mabayiti 127, ndipo nambala ya chinyezi ndi mabayiti awiri chabe, ndiye malo alipo.

mai_injiniya:
Ndandanda ndi yosavuta. Chimene chikugwetseni ndi mawotchi. Crystal (kachipangizo koyendetsa wotchi ya sensa) ya 32.768 kHz ya 20 ppm (magawo 20 pa miliyoni) imatha kutsogola kapena kutsalira ndi mamaikrosekondi 20 pa sekondi iliyonse. Ina ikatsogola ina n'kutsalira, ndi 40. Mu TSCH (njira yogawira masensa ma slot ndi matchanelo) slot imakhala ya mamilisekondi 10, ndipo wolandira amatchera khutu mamaikrosekondi 2,200, kutanthauza 1,100 mbali iliyonse. Gawani nokha 1,100 ndi 40: masekondi 30 asanakwane, awiriwo aphonyana. Ndiye ngakhale muziyeza chinyezi kamodzi pa mphindi 15, masensa azipatsanabe moni pafupipafupi kuti akonze mawotchi.

Ndipo 20 ppm imeneyo ndi ya pa 25°C. Kabokosi kapulasitiki pa dzuwa la Okutobala kakafika 45°C, crystal imatsalira ndi 13 ppm inanso. Kaikeni pamthunzi.

Musalembe pulogalamu yanuyanu. TSCH inalowa mu 802.15.4e m'chaka cha 2012, Contiki-NG (pulogalamu yoyendetsa masensa) ili nayo kale ndipo imayenda pa CC2650. Yatsani Orchestra (gawo la Contiki-NG lokonza ndandanda), sensa iliyonse izidziwerengera yokha slot yake.

fundi_wa_mawaya:
Za mawotchi mwalasa, mayi, koma pa Orchestra ndiye ayi. Ija ndi yabwino pamene njira zikusinthasintha. Awa ndi masensa 12 okhomeredwa pa mitengo, sasuntha. Ndandanda yolemba pamanja imadzutsa wayilesi pokhapo pali chobwera, ndipo kumvetsera kumadya batire pafupifupi mofanana ndi kutumiza. Atatu aja akufera pamenepo.

mai_injiniya:
Sasunthadi, koma tomato amakula, bambo. Masamba onyowa amafooketsa 2.4 GHz, ndipo njira imene ikugwira lero mbewu zili m'mawondo ikhoza kuduka zikafika m'chifuwa. Ngati mwasankha ya pamanja, siyani slot imodzi ya onse yofunira kholo latsopano, kutanthauza mnansi wina wodzerapo uthenga. Ngati pafupi pali Wi-Fi, khalani pa matchanelo 15, 20, 25 ndi 26.

wa_kudimba:
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi Orchestra kuti ndione njira zimene masensa akusankha okha, kenako ndilembe yanga. Nanga slot ya onseyo izibwera pakapita nthawi yaitali bwanji kuti isamalize mabatire?