Kodi ndigule mwana wa galu wa makolo opambana pachionetsero, kapena wa makolo ogwira ntchito?

Wofunsa: Ndikufuna galu wa mtundu wa German Shepherd woti azilondera pakhomo komanso kundithandiza kukusa nkhosa madzulo, ndipo ndapeza oweta agalu awiri. Woyamba ali ndi tiagalu tokongola kwambiri, bambo wake wa tiagaluto anapambanapo pachionetsero ndipo mapepala a mtundu alipo onse, koma mtengo wake ukuposa wa winayo pafupifupi kawiri. Wachiwiriyo agalu ake ndi otuwa, osapatsa chidwi, koma akuti makolo ake amagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndiponso anawajambula m'chiuno ndi X-ray. Kodi ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera kuilipira?

Woweta Nkhosa: Ine ndikuti musalipire. Mphoto ya pachionetsero imangosonyeza kuti woweruza anakopeka ndi kaimidwe ka galuyo ndi mmene anayendera pozungulira bwalo, koma sinena kanthu za galu amene wakhala pambuyo pa nkhosa kuyambira m'mawa. Max von Stephanitz atakhazikitsa SV, bungwe la oweta agalu a mtundu umenewu, ku Germany mu 1899, ankafuna galu wobusa, wotha kuyenda tsiku lonse osafooka. Mukaona zithunzi za Horand von Grafrath, galu woyamba kulembedwa m'kaundula wa bungweli, mupeza kuti msana wake unali wowongoka. Agalu ambiri a pachionetsero lero ali ndi msana wotsetsereka ndi miyendo yakumbuyo yopindika kwambiri, moti ena akamayenda mbuyo yonse imagwedezeka. Pachionetsero cha Crufts ku England mu 2016, anthu ambiri anadandaula galu wa maonekedwe amenewa atapatsidwa mphoto.

Mayi Wokonda Agalu: A Woweta Nkhosa, zimene mwanena za msana ndi zoona, koma mapepala musawanyoze choncho. Popanda mapepala simungadziwe ngati makolo a kagaluko ndi apachibale, pamene kukweretsa agalu apachibale mobwerezabwereza ndiko kumaunjika matenda a kumtundu. Ndiponso zionetsero sizifanana. Pansi pa malamulo a SV, galu asanalandire chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera kubereketsa amayenera kujambulidwa m'chiuno ndi m'zigongono, kukhoza mayeso a ntchito, ndiponso kuthamanga makilomita 20 pambali pa njinga. Galu wopambana amene anadutsa zonsezi ndi wosiyana kutali ndi amene anangosambitsidwa n'kupesedwa ubweya.

Dokotala wa Ziweto: Pali zinthu ziwiri zimene zikusakanizidwa apa. Msana wotsetsereka umaoneka ndi maso, pamene vuto la m'chiuno, lija mutu wa fupa la ntchafu sukhala bwino m'chikho chake, silioneka pa kagalu ka masabata ochepa, ndipo limagwiranso agalu a msana wowongoka. Fupalo likamakhukhuzika, galu amayamba kuvutika podzuka, pothamanga amadumpha ndi miyendo yakumbuyo yonse pamodzi ngati kalulu, ndipo pamapeto pake imalowa nyamakazi.

Choncho mawu akuti "anawajambula" asakukwanireni, a Wofunsa. Pemphani chikalata chenichenicho, cha mayi ndi cha bambo, ndipo muyerekeze nambala ya kachipangizo kamene kali pansi pa khungu la galuyo ndi yolembedwa pachikalatapo. Ku Britain, madokotala a BVA, bungwe la madokotala a ziweto, amaunika chithunzi cha m'chiuno cha galu wokwanitsa miyezi 12 ndipo amapereka nambala yochokera pa 0 kufika pa 106, yotsika ndiyo yabwino. Ku America, bungwe la OFA, loona za mafupa a ziweto, limapereka chiphaso galu akakwanitsa miyezi 24. Zigongono zisaiwalike, pakuti mtundu umenewu zimauvutitsanso. Ndinenenso kuti makolo abwino amachepetsa chiopsezo koma sachithetsa, ndipo kagalu kodyetsedwa mopitirira muyeso kakamakula msanga, mwiniwake amawonjezera yekha vutolo.

Wophunzitsa Agalu: Ine nkhawa yanga ili kwa woweta wachiwiriyo, amene ambiri muno mukuoneka kuti mwamukonda kale. Mawu akuti "galu wa ntchito" nawonso anasanduka njira yotsatsira malonda, ndipo funso limene silinafunsidwe ndi lakuti makolowo amagwira ntchito yanji. Agalu obereketsedwera apolisi ndi masewera oluma amasankhidwa chifukwa chokonda kuthamangitsa ndi kugwira chilichonse chothawa, ndipo khalidwe limenelo, likapanda kuwongoleredwa, limathera pa mwendo wa mwana wa nkhosa. Galu woteroyo akasowa chochita amakumba, amatafuna zitseko, amauwa usiku wonse. Pitani mukaone mayi wake ali pakati pa ziweto, muone ngati amamva kuitana pamene nkhosa zabalalika, komanso mmene amachitira mlendo akafika mwadzidzidzi.

Woweta Nkhosa: Apo ndikuvomereza. N'chifukwa chake abusa a ku Britain, kudzera m'bungwe lawo la ISDS limene linayamba mu 1906, amalemba m'kaundula ngakhale galu wa mtundu wa Border Collie wopanda mapepala, malinga ngati wasonyeza luso pa nkhosa.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndawaimbira onse awiri. Woyamba ali ndi chikalata cha bambo yekha, ndipo za mayi akuti sanamuonepo akutsimphina. Wachiwiri watumiza zikalata za makolo onse, koma wavomera kuti agaluwo amalondera nyumba zosungiramo katundu ndipo nkhosa sanaziyandikirepo.

Dokotala wa Ziweto: Kusatsimphina si umboni, chifukwa agalu ambiri a vutoli amayenda bwinobwino akadali aang'ono, ndipo theka la chibadwa cha kagaluko lichokera kwa mayi ameneyo. Pa mtengo umenewo ine sindingagule.

Wophunzitsa Agalu: Wachiwiriyo angakuthandizeni pa ulonda, koma pa nkhosa mukhala mukungoyesa mwayi. Mupempheni abweretse mayi wa tiagaluto pa chingwe pafupi ndi khola lanu musanapereke ndalama iliyonse, ndipo akakana, funani woweta wachitatu amene agalu ake amabusa.